Mmene mungakonzere ulendo wa gulu wokaona madera a kumudzi ku Ireland

Chilumba chonse cha Ireland n'chaching'ono poyerekeza ndi dziko la Malawi, ndipo mtunda wochokera ku Dublin kukafika ku Galway, womwe ndi makilomita 200 ndi kanthu pang'ono, sufika pa mtunda wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Kuchepa kumeneku n'kumene kumapusitsa makomiti ambiri a magulu athu. Anthu amatsegula mapu pa foni, n'kuona kuti malo onse otchuka ali moyandikana, kenako n'kulemba malo asanu kapena asanu ndi limodzi pa ndandanda ya tsiku limodzi. Chimene mapu sanena n'chakuti mukangochoka pa misewu ikuluikulu, mumalowa m'timisewu tokhotakhota totchingidwa ndi mipanda ya miyala mbali zonse ziwiri, momwe basi imayenda ngati ikuperekeza mkwatibwi. Malangizo ali m'munsiwa ndalembera komiti ya gulu lililonse la anthu akwathu okhala ku Ireland kapena ku Britain, kaya ndi gulu la amayi, kwaya, kapena kalabu yongocheza, ndipo ndatenga chitsanzo cha ulendo wa masiku awiri wochoka ku Dublin kupita ku County Clare, chifukwa ndi umene ndimaudziwa bwino.

Yambani ndi anthu atatu ndi tsiku limodzi

Miyezi itatu kapena inayi ulendo usanachitike, msonkhano wa gulu usankhe anthu atatu okha oyendetsa zonse: woyang'anira njira ndi basi, msungichuma, ndi mlembi wosunga mayina. Komiti ikakula kuposa pamenepa, nkhani iliyonse imasanduka mtsutso, ndipo kampani ya basi imalandira mafoni kuchokera kwa anthu anayi onena zinthu zinayi zosiyana. Gulu lonse livomereze zinthu ziwiri zokha, tsiku ndi dera lopitako, ndipo zotsalazo zisiyidwe m'manja mwa atatuwo.

Posankha tsiku, ganizirani kuwala kwa dzuwa musanaganize za kutentha. M'mwezi wa Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, pamene mu Disembala mdima umagwa 4 koloko itangopitirira, choncho ulendo wokaona malo ndi wa pakati pa Meyi ndi Seputembala. Lolemba loyamba la Meyi, la Juni ndi la Ogasiti ndi masiku a tchuthi, ndipo anthu ambiri amakonda kuika ulendo kumapeto kwa masabata amenewo kuti akapume Lolemba akabwerako. Maganizowo ndi abwino, koma dziwani kuti dziko lonse limaganiza chimodzimodzi, moti malo ogona amadzaza msanga ndipo mitengo imakwera. Ine ndimakonda pakati pa Meyi kapena kumayambiriro kwa Seputembala, pamene alendo ochokera kunja amakhala ochepa. Ambiri mwa anthu athu amagwira ntchito zosinthana, makamaka m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo amafunika kupempha tchuthi kukadali milungu yambiri, n'chifukwa chake tsiku likalengezedwa lisasinthidwenso. Funsaninso ngati m'gulumo muli opembedza Loweruka, ndipo kwa opembedza Lamlungu konzani mphindi za mapemphero m'mawa wa tsiku lachiwiri, kuti nkhaniyi isadzabuke muli kale pa msewu.

Zikalata zibwere njira isanasankhidwe

Gawo ili ndi limene limadumphidwa kawirikawiri, chikhalirecho ndi limene lingaike munthu m'mavuto aakulu. Pa chilumbachi pali mayiko awiri: Republic of Ireland yomwe ili ndi maboma 26, ndi Northern Ireland yomwe ili ndi maboma 6 ndipo ili pansi pa United Kingdom. Malire ake, omwe ndi otalika makilomita pafupifupi 500, alibe chipata, alibe msilikali, ndipo nthawi zambiri mumangozindikira kuti mwawoloka poona kuti zikwangwani za liwiro zasintha kuchoka pa makilomita kupita pa mamailosi. Kusowa kwa chipata sikutanthauza kuti aliyense ali ndi ufulu wowoloka. Pangano lakale lolola anthu kuyenda momasuka pakati pa mayiko awiriwa limakhudza nzika za Ireland ndi za Britain. Munthu woyendera pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe amafunika viza ya UK kuti alowe ku Northern Ireland, ngakhale atakhala ndi khadi la IRP lomuloleza kukhala ndi kugwira ntchito ku Dublin. N'chimodzimodzinso kwa gulu lochokera ku Manchester kapena ku Leeds: chilolezo chokhala ku Britain sichilowa m'malo mwa viza ya Ireland, ndipo aliyense wofunika viza ayambe kufunsira kukadali miyezi.

Zimenezi zimakhudza njira mwachindunji. Giant's Causeway, miyala ya m'mbali mwa nyanja yooneka ngati mizati, yomwe anthu ambiri amaitchula ikangoyamba nkhani ya ulendo, ili ku County Antrim, kumpoto kwa malire. Ngakhale ulendo wopita ku Donegal, komwe ndi ku Republic, ungakusocheretseni, chifukwa njira yachidule yochokera ku Dublin imadutsa ku Monaghan n'kulowa ku Northern Ireland kudzera ku Omagh ndi Strabane. Wofuna kukhala mkati mwa Republic ulendo wonse ayenera kuzungulira ku Sligo, ndipo dalaivala auzidwe zimenezi polemba, chifukwa iye payekha adzasankha njira yachidule.

Mlembi asafunse anthu za zikalata zawo pa gulu la WhatsApp. Ena pempho lawo lokhala m'dziko likadali m'manja mwa boma, ndipo safuna kuti aliyense adziwe. Njira yaulemu ndiyo kusankha ulendo umene sudutsa malire n'komwe, n'kulemba chiganizo chimodzi pa chilengezo chonena kuti ulendo wonse uli mkati mwa Republic.

Sankhani malo ochepa

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pa nkhani ya ulendo wa basi mawuwa ndi oona kotheratu. Lamulo limene ndimatsatira ndi lakuti pa tsiku pakhale malo awiri akuluakulu oimapo, ndi amodzi ang'onoang'ono amene mungawasiye ngati nthawi yatha. Nthawi imene foni ikuonetsa ndi ya galimoto yaing'ono, choncho pa basi onjezerani gawo limodzi mwa magawo anayi pa misewu ikuluikulu, ndipo pa misewu ya kumudzi onjezerani theka. Zilembo za misewu zimakuuzani zoyembekezera: M ndi msewu waukulu wa liwiro, N ndi msewu wa dziko, R ndi wa m'chigawo, ndipo L ndi kamsewu ka m'mudzi komwe nthawi zina udzu umamera pakati. Kuyambira mu Febuluwale 2025, liwiro lololedwa pa misewu yambiri ya L linatsitsidwa kuchoka pa makilomita 80 kufika pa 60 pa ola. Muwerengenso mphindi 15 pa malo alionse oimapo zongotsikira ndi kukwera, pakuti anthu 40 satsika basi ngati munthu mmodzi.

Ulendo wa ku Clare ungayende motere. Loweruka nyamukani ku Dublin 7:30 m'mawa, mutsate M4 kenako M6, ndipo mupatuke pafupi ndi Athlone kupita ku Clonmacnoise, m'mbali mwa mtsinje wa Shannon. Awa ndi mabwinja a nyumba ya amonke imene Ciarán Woyera anayambitsa cha m'ma 540, ndipo pali nsanja ziwiri zozungulira, mabwinja a matchalitchi angapo, ndi mitanda yamiyala yosemedwa. Mitanda yeniyeniyo anaisamutsira m'nyumba yolandirira alendo kuti mvula isaiwononge, ndipo imene ili panja ndi yofanizira, choncho musalole anthu kungojambula panja n'kubwerera m'basi. Akatolika a m'gulu lanu adzakondwa kumva kuti Papa Yohane Paulo Wachiwiri anafika pamalopa mu 1979, zaka khumi asanabwere ku Malawi. Ola limodzi ndi theka ndi lokwanira.

Kuchoka pamenepo mulowere kumadzulo mpaka ku Kinvara, kamudzi ka pa doko komwe kuli Dunguaire Castle, ndipo mudyere komweko chakudya chamasana. Kenako mumalowa m'dera la Burren, lomwe ndi chipululu cha matanthwe otuwa a laimu, ong'ambikang'ambika, okhala ndi maluwa omera m'ming'alu. Pa Ballyvaughan njira imagawika. Ina imatsata gombe kuzungulira Black Head ndi Fanore, nyanja ili kudzanja lamanja, ndipo ina imakwera mkati kudutsa pa Corkscrew Hill, phiri lokhala ndi makona othina kwambiri. Mkati mwa Burren mulinso Poulnabrone, manda a miyala ikuluikulu a zaka zoposa 5,000. Pano musalimbane ndi dalaivala. Mufotokozereni zimene mukufuna kuona, iye asankhe msewu wogwirizana ndi kukula kwa basi yake, pakuti safunsa anadya phula. Madzulo mukagone ku Doolin kapena ku Lisdoonvarna.

Chifukwa chenicheni chogonera kumeneko ndi m'mawa wa Lamlungu. Cliffs of Moher, maphompho otsetserekera m'nyanja ya Atlantic omwe pamwamba pake penipeni ndi mamita 214, ali mphindi zochepa kuchokera ku Doolin. Mabasi a alendo ochokera ku Dublin amayamba kukhamukira kumeneko cha m'ma 11 koloko, ndipo mukafika 9 koloko mudzapeza njira yopita ku O'Brien's Tower, nsanja yomangidwa mu 1835, ili ndi anthu owerengeka. Matikiti a gulu ndi malo oimika basi amafunika kusungitsiratu. Pobwerera dutsani ku Lahinch kuti ana akaponde mchenga wa kunyanja, kenako ku Ennis, M18, ndi M7 kuchokera ku Limerick. Pa M7 pali malo opumira a Barack Obama Plaza pafupi ndi Moneygall, mudzi wa makolo ena a mtsogoleri wakale wa America yemwe anakachezako mu 2011, ndipo ndi malo oyenera kupumira komaliza musanalowe mu Dublin.

Ena adzafunsa chifukwa chimene simunaikemo Ring of Kerry kapena zilumba za Aran. Ring of Kerry payokha ndi makilomita 179 a msewu wopapatiza womwe mabasi amazungulira mbali imodzi yokha, kuchokera ku Killarney kudzera ku Killorglin, ndipo imadya tsiku lathunthu. Maboti opita ku Aran amadalira mmene nyanja yadzukira tsikulo. Malo awiriwa asungireni ulendo wa chaka chamawa.

Basi ndi maola a dalaivala

Mukadziwa njira, lemberani makampani a basi atatu, ndipo onse muwatumizire uthenga wofanana wokhala ndi tsiku, malo onyamukira, malo onse oimapo, nthawi yobwerera ndi chiwerengero cha anthu. Mabasi obwereka amakhala a mipando pafupifupi 16, 33 kapena 53, ndipo ku Burren basi yapakati imayenda mosavuta kuposa yaikulu. Pemphani kuti mtengo ulembedwe, ndipo unene momveka ngati ukuphatikiza ndalama zolipira pa zipata za misewu, malo oimika basi, ndi chipinda ndi chakudya cha dalaivala, chifukwa kawirikawiri chipinda cha dalaivala amalipira ndi gulu. Funsaninso ngati kampaniyo ili ndi chiphaso chonyamula anthu ndi inshuwaransi yake, ngati mipando yonse ili ndi malamba, ngati m'basimo muli chimbudzi ndi maikolofoni, ndiponso ngati amalola kudyera mkati.

Pali chinthu chimene anthu akwathu ambiri sachimvetsa poyamba. Dalaivala wa basi ku Ireland amatsata malamulo a European Union a maola oyendetsa: sapitirira maola 9 pa tsiku, kupatula kawiri pa sabata pamene angafike 10, amapuma mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka, ndipo usiku amafunika kupuma maola 11, omwe nthawi zina amatha kutsika mpaka 9. M'basi muli makina otchedwa tachograph amene amalemba zonsezi, moti palibe kunyengererana kapena kumuonjezera kangachepe kuti apitirize. Tanthauzo lake n'lakuti mphindi iliyonse imene mwachedwa m'mawa imachotsedwa pa malo ena masana, ndipo mukamusunga dalaivala mpaka pakati pa usiku kuti akutengeni kocheza, m'mawa sangadzuke nanu 8 koloko. Ife tinaphunzira zimenezi movutikira chaka china pamene tinadikira banja limodzi mphindi 50 pa malo onyamukira. Palibe amene anakalipa m'mawawo, koma madzulo tinadutsa gombe limene ana analonjezedwa tikuliyang'anira pa zenera, ndipo kulira kwawo kunatiperekeza mpaka ku Ennis.

Mwina wina adzanena kuti mubwereke minibasi, m'bale wina ayendetse. Laisensi wamba ya gulu B imalola kunyamula anthu osapitirira 8 osawerengera woyendetsa, ndipo minibasi ya anthu 16 imafuna laisensi ya D1. Kuyenda pa magalimoto angapo motsatana kumatheka gulu likakhala laling'ono, ndipo ubwino wake n'wakuti ku Ireland amayendetsa kumanzere ngati kwathu. Koma magalimoto asanu safika pamodzi, ndipo oyendetsawo amabwerako atatopa osaona kanthu. Mukasankha njira imeneyi, kumbukirani kuti ana osafika masentimita 150 kapena makilogalamu 36 amafunika mipando yawo, ndipo msonkho wa pa M50 ku Dublin ulibe chipata: umalipiridwa isanakwane 8 koloko madzulo a tsiku lotsatira.

Ndalama

Msungichuma aphatikize mtengo wa basi, malo ogona, matikiti olowera, chakudya cha pamodzi ndi chipinda cha dalaivala, kenako aonjezere gawo limodzi mwa magawo khumi la zogwa mwadzidzidzi. Pogawa mtengo wa basi, asagawe ndi chiwerengero cha mipando koma ndi chiwerengero cha anthu amene ali otsimikizika. Tiyerekeze kuti basi ndi ya mipando 53 ndipo anthu 50 akweza manja pa msonkhano: gawani ndi 40. Anthu akadzachuluka mudzabweza yotsalayo kapena kulipira nayo chakudya, zomwe n'zosangalatsa kuposa kupempha msonkhamsonkha wachiwiri kutatsala masiku atatu.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dzina lilowe pa ndandanda pokhapokha dipoziti yalowa, ndipo lamuloli likhudze aliyense, ngakhale wapampando ndi abusa. Lengezani masiku awiri, la dipoziti ndi lomalizira ndalama yonse, ndipo lachiwirilo likhale milungu itatu ulendo usanafike. Lembani poyera kuti wosiya ulendo pambuyo pa tsikulo sabwezeredwa ndalama pokhapokha atapeza womulowa m'malo, kapena ngati pagwa maliro kapena matenda, pamene komiti ingaweruze mwachifundo. Ndalama zilowe mu akaunti ya gulu, ndipo ngati ilibe, mu akaunti imodzi yokha imene anthu awiri a komiti amaiona. Mfundo ya mtengo wa ana ikambidwe poyambirira, pakuti mwana amakhala pa mpando wathunthu m'basi ngakhale tikiti yake yolowera ili yotsika.

Kogona ndi chakudya

Midzi ya kumadzulo ndi yaing'ono, ndipo nyumba ya alendo ya mtundu wa B&B imakhala ndi zipinda zochepa chabe. Gulu la anthu 30 kapena 40 limafuna hotela kapena hositelo yolandira magulu, apo ayi mugawikane m'nyumba zingapo zoyandikana zoti munthu n'kuyenda wapansi. Sungitsani malo ogona sabata yomweyo imene mwasungitsa basi. Mlembi alembe amene adzagone ndi yani anthu asananyamuke, n'kutumiza ndandandayo ku malo ogonawo, chifukwa kugawa zipinda pa khomo anthu atatopa kumabala mawu amene amakumbukiridwa zaka zambiri. Tenganinso Eircode ya malo alionse, yomwe ndi nambala ya zilembo ndi manambala 7 yolozera nyumba imodzi yeniyeni, pakuti kumudzi nyumba zambiri zilibe nambala ya pa msewu.

Kamba wa tsiku loyamba ndi bwino kuchoka naye kunyumba. Mpunga, nkhuku yokazinga, mandasi ndi tiyi wa m'fulasiki zimapulumutsa ndalama ndi nthawi, malinga mwagwirizana ndi kampani ya basi za kodyera ndipo mwatenga matumba a zinyalala. Chakudya chamadzulo chisungitsidwe, ndipo anthu asankhiretu pakati pa mitundu iwiri kapena itatu kukadali sabata, chifukwa khitchini ya kumudzi singaphikire anthu 40 ofika mosayembekezeka. Chenjezani anthu za chakudya cham'mawa cha chi Irish: muli masoseji ndi nyama ya nkhumba, ndiponso tizidutswa takuda tozungulira totchedwa black pudding, topangidwa ndi magazi. Asilamu, a Seventh Day ndi ena osadya zimenezi alembedwe mayina, ndipo malo ogonawo auzidwe pasadakhale.

Doolin imadziwika ndi nyimbo za makolo zoimbidwa m'mapabu madzulo, ndipo pabu ya kumudzi ku Ireland ndi malo odyera ndi ochezera mabanja, osati omwera mokha. Komabe lamulo limati ana osafika zaka 15 akhale ndi kholo, ndipo atuluke pofika 9 koloko usiku, kapena 10 koloko kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Oimba akayamba, anthu amatsitsa mawu, makamaka munthu mmodzi akamaimba popanda zing'wenyeng'wenye. Kwaya yathu inapemphedwa kuimbako nyimbo imodzi pambuyo poti tamvetsera kwa ola lathunthu, ndipo ndikukhulupirira kuti tikanayamba tokha sakanatilandira mofanana.

Sabata yomaliza

Kutatsala masiku asanu, yambani kuyang'ana zolosera za Met Éireann, nthambi ya boma yoona za nyengo. Machenjezo ake ali pa mitundu itatu, yachikasu, yaolenji ndi yofiira. Chenjezo lachikasu limafuna kusamala chabe, laolenji la mphepo likutanthauza kuti kumaphompho musapiteko, ndipo lofiira likutanthauza kuti ulendo waimitsidwa. Funsani kampani ya basi ndi malo ogona pa tsiku losungitsa zimene amachita zikatero. Khalaninso ndi malo apadera okhala ndi denga, monga Bunratty Castle yomwe ili m'mbali mwa njira yobwerera pakati pa Ennis ndi Limerick, oti n'kupitako chifunga chikaphimba nyanja.

Uthenga wa zovala ukhale wachindunji. Mvula ya kumadzulo kwa Ireland imafanana ndi chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje, ya mawawa osalekeza, koma imabwera chopingasa ndi mphepo ya kunyanja, ndipo ambulera imatembenuzika nthawi yomweyo. Aliyense atenge jekete losalowa madzi lokhala ndi chipewa, juzi, ndi nsapato zotseka zosaterera. Amayi ambiri amafuna kujambulitsa atavala zitenje zofanana, zomwe zimaoneka bwino kwambiri pa msipu wobiriwirawo, koma avale buluku kapena zothina zofunda mkati. Njoka kulibe pa chilumba chonsechi, koma mu udzu wautali muli nkhupakupa zimene zimatha kufalitsa matenda a Lyme, choncho makolo ayang'ane miyendo ya ana madzulo.

Mlembi asindikize mapepala awiri a ndandanda yokhala ndi dzina la munthu aliyense, nambala yake ya foni, nambala ya wachibale, ndi matenda ofunika kudziwika monga shuga, mphumu kapena kuthamanga kwa magazi. Pepala ndi lofunika chifukwa netiweki imasowa m'zigwa zina. Nambala zoitanira thandizo mwadzidzidzi ndi 112 ndi 999. Ana onse ayende ndi kholo kapena munthu wamkulu amene kholo lamusankha polemba.

Tsiku la ulendo

Uzani anthu kuti afike mphindi 30 basi isananyamuke, ndipo nenani poyera kuti idzanyamuka pa nthawi yake. Ikakwana nthawiyo, nyamukani. Mudzangochita zimenezi kamodzi, ndipo maulendo onse otsatira anthu adzafika msanga. Gawani anthu m'timagulu ta anthu 8 kapena 10, kalikonse ndi mtsogoleri wake, kuti powerenga anthu muzingofunsa atsogoleriwo. Werengani nthawi iliyonse basi isanachoke pa malo, ngakhale pamene mwangoima kuti anthu apite kuchimbudzi. Polengeza nthawi yobwerera ku basi, tchulani ola lenileni, monga 11:15, osati kunena kuti pakatha ola limodzi, ndipo mulembenso pa WhatsApp.

Munthu mmodzi wodziwa kulankhula akonzekere mawu ochepa onena pa maikolofoni musanafike pa malo alionse. Popanda zimenezi, anthu amangoona miyala ndi nkhosa. Mwachitsanzo, mukamadutsa mabwinja a tinyumba topanda madenga kumadzulo, afotokoze za njala yaikulu ya 1845 mpaka 1852, pamene matenda anaononga mbatatesi, mbewu yomwe ija kwathu timaitcha kachewere kapena airishi, imene anthu osauka ankaidalira ngati mmene ife timadalirira chimanga. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa ndipo enanso ochuluka chomwecho anathawira kunja. Kalembera wa 1841 anapeza anthu oposa 8 miliyoni pa chilumbachi, ndipo mpaka lero chiwerengerocho sichinabwerere pamenepo. Amene anamva kwa agogo awo za njala ya 1949 amakhala chete akamva zimenezi, ndipo amayang'ana pa zenera ndi maso ena.

Pa maphompho, lamulo likhale limodzi: palibe wodumpha mpanda kapena kuchoka pa njira yovomerezeka pofuna chithunzi. M'mphepete mwake nthaka imagumuka, mphepo imakankha mosachenjeza, ndipo anthu akhala akufa pamalopa. Mbali zina za njira ya m'mphepete zimatsekedwa nthawi zina, ndipo chikwangwani chotseka chilemekezedwe. Mwana aliyense agwiridwe dzanja.

Minda ndi mabusa a kumudzi ali ndi eni ake, ngakhale pamene simukuona nyumba pafupi, ndipo ku Ireland kulibe lamulo lolola munthu kuyenda paliponse m'munda wa mwini. Musakwere mipanda ya miyala, chifukwa ambiri mwa iyo anaimanga popanda simenti ndipo mwala umodzi ukasuntha ena amatsatira. Chipata chimene mwachipeza chotseka muchitsekenso, ana asathamangitse nkhosa, ndipo ku Burren musathyole maluwa kapena kusuntha miyala. Anthu a kumudzi amapatsana moni pa msewu ngati kwathu, ndipo woyendetsa galimoto amakweza chala chimodzi pa chiwongolero podutsana nanu, choncho bwezani moniwo.

M'madera ena a kumadzulo otchedwa Gaeltacht, monga mbali za Connemara ndi Dingle, zikwangwani zambiri zili m'chinenero cha chi Irish chokha, ndipo mawu ena a chinenerochi mudzawapeza ngakhale m'mapabu a kwina. Awiri okha ndi amene muyenera kuwalengeza m'basi: Fir ndi amuna, Mná ndi akazi. Bambo wina wachikulire wa m'gulu lathu anaona chilembo M pa chitseko, n'kulowa molimba mtima, ndipo anatulukamo mofulumira kuposa mmene tinkaganizira kuti miyendo yake ingathere.

Musanafike mu Dublin, yendetsani thumba la zinyalala kuchokera kumbuyo kwa basi mpaka kutsogolo, ndipo msungichuma apereke kwa dalaivala envelopu ya chithokozo imene munaiika kale mu bajeti. Anthu akatsika, atsogoleri a timagulu ayang'ane pansi pa mipando ndi m'mashelefu a pamwamba, komwe kumatsalira machaja, majekete a ana ndi mafulasiki. Pasanathe masiku asanu ndi awiri, msungichuma atumize ku gulu lonse ndandanda ya ndalama zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka, pamodzi ndi zithunzi za malisiti, ndipo woyang'anira njira alembe nthawi yeniyeni imene basi inatenga pakati pa malo alionse, kuti komiti ya chaka chamawa idzawerengere Ring of Kerry pa manambala amenewo osati pa a foni.